Netiweki ikuvuta kwathu, kodi nditaye layiniyi? Yankho kwa mayi wa geni ya kachewere pa Lizulu

Mayi wina wa ku Ntcheu wafunsa motere: "Ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Makasitomala anga ambiri ndi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amaoda pa foni n'kutumiza ndalama pa foni pomwepo. Kunyumba kwathu n'kuchigwa, netiweki imangobwera n'kuchoka, moti ena amati akhala akundiimbira tsiku lonse koma foni sinalire. Mayunitsi nawo sakuchedwa kutha. Mwana wanga akuti ndingotaya layiniyi ndipite ku kampani inayo. Nambalayi ndakhala nayo zaka zoposa khumi. Ndisinthe kapena ayi?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndikuyankheni mwachindunji kaye, zifukwa zibwera pambuyo: layini yakaleyo musataye. Mwina mwana wanu akunena zoona kuti kampani inayo imagwira bwino kwanuko, koma zimenezo muzione nokha musanachite kanthu. Gulani layini yachiwiri, muyende nazo zonse ziwiri kwa mwezi wathunthu, ndipo m'mwezi umenewo musasunthe ndalama zanu kapena kulengeza nambala yatsopano kwa makasitomala. SIM khadi ndi yotchipa, phindu la thumba limodzi la kachewere likhoza kugula zingapo, koma nambala imene anthu aizolowera kwa zaka khumi mukaitaya palibe sitolo imene mungakaigulenso.

Simunatchule ngati muli ku TNM kapena ku Airtel, ndipo mukanatchula yankho langa silikanasintha. Pa ntchito yanga yokonza mafoni pa Dedza pano, anthu amandifunsa kawirikawiri kuti, "Kodi yabwino ndi iti?" Wobwera m'mawa amadandaula za kampani imene wobwera masana akuiyamikira, ndipo onsewo sanama. Wina amakhala ku Mayani, wina ku Lobi, wina kumunsi ku Mtakataka, aliyense akunena za nsanja imene ili pafupi ndi kwawo. Funso lanu ligamulidwe ndi malo atatu: pakhomo panu, kudimba kapena kumene mumakaoda katundu, ndi pa benchi yanu pamsika. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu ndi zolengeza za pa wailesi sizidziwa kuti nyumba yanu ili kuseri kwa phiri liti.

Dera lathu lino ndi lovuta kwa netiweki. Foni imalankhulana ndi nsanja kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo mafundewa amayenda bwino pamene palibe chowatchinga. Mtunda wautali amaupirira, koma phiri salibowola. Tsono Dedza ndi Ntcheu ndi mapiri okhaokha. Phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000, ndipo kuchoka kumtunda kuno dziko limatsetsereka kwambiri kulowera ku Golomoti ndi ku Bwanje. Nsanja zambiri zimamangidwa m'mbali mwa msewu wa M1, pa malo a malonda ndi pamwamba pa zitunda, chifukwa n'komwe kuli anthu ambiri, magetsi ndi msewu woti galimoto ya mafuta a jenereta ifike. Mudzi wa m'chigwa ukhoza kukhala pafupi ndithu ndi nsanja koma osapeza kanthu, pomwe mudzi wa pachitunda womwe uli kutali ukuimba bwinobwino. Denga la malata ndi makoma ochindikala zimafooketsanso mphamvu imene yafika kale yotopa. N'chifukwa chake m'midzi yambiri muli chulu kapena mtengo wodziwika umene anthu amakaimapo akafuna kuimba foni.

Dziwaninso kuti si nsanja iliyonse imene imanyamula kampani imodzi yokha. Makampani amagawana nsanja, ndipo mu 2022 kampani ya Helios Towers inagula nsanja za Airtel m'dziko muno. Ntchito yake ndi kubwereketsa malo pa nsanja kwa makampani a mafoni. Zikatero, zida za makampani awiri zimatha kukhala pa chitsulo chimodzi. Ngati nsanja yoyandikana nanu ndi yotere, phiri limene likutchinga layini yanu lidzatchinganso yatsopanoyo, ndipo mudzakhala mwadzivutitsa pachabe. Koma ngati kampani inayo ili ndi nsanja mbali ina imene imayang'ana m'chigwa chanucho, mudzaona kusintha tsiku loyamba lomwelo. Munthu sangadziwe zimenezi atakhala pa Dedza boma kapena ku Lilongwe. Zimadziwika pokhapokha foni italira m'nyumba mwanu.

Tisanaiweruze kampani, pali chinthu chimodzi chimene ndikuchikayikira kwambiri chifukwa cha malo amene muli. Pa Lizulu msewu ndiwo malire: kuwoloka tala basi muli ku Mozambique. Zili chonchonso m'malo angapo m'mbali mwa msewuwu kulowera ku Ntcheu, komanso kuno ku Dedza tikayandikira chipata cha Calomue. Kutsidyako kuli nsanja za Vodacom, Movitel ndi Tmcel, ndipo mafunde sadziwa malire. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, mphamvu ya kwathu ikangofooka imayamba kusakasaka, ndipo nthawi zina imakakamira ku nsanja ya kutsidya. Zikatero pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Ngati layini yanu ndi yololedwa kugwira ntchito kunja, foni imalowa pa roaming, ndipo mumalipira mitengo ya munthu amene ali kunja kwa dziko, nthawi zambiri ngakhale pongolandira foni, inu muli pakhonde panu. Ngati si yololedwa, foni imangokhala ngati ili bwino koma siilira, kapena imalemba kuti "Emergency calls only". Madandaulo anu awiri aja, foni yosalira ndi mayunitsi osachedwa kutha, onse akhoza kuchokera pamenepa.

Kuona kwake n'kosavuta. Nthawi imene netiweki ikuvuta, yang'anani pamwamba pa galasi la foni. Mukaona chilembo cha R pafupi ndi timizere ta netiweki, kapena dzina la kampani yomwe si yanu, ndiye kuti yawoloka. Muuzeni mwana wanuyo alowe pa Settings, apeze pamene palembedwa "Mobile network", kenako "Network operators", azimitse kusankha kwa "Automatic" n'kusankha ndi dzanja dzina la kampani yanu. Azimitsenso "Data roaming". Ngakhale timafoni ta mabatani tili ndi malo amenewa, nthawi zambiri pansi pa "Network selection". Ndaona mafoni ochuluka a anthu a m'malire amene mwini wake anabwera atatsimikiza kuti awonongeka, koma vuto linali lomweli. Layini yatsopano nayo idzawoloka chimodzimodzi ngati simukonza pamenepa. Tsiku limene mukupitadi ku Villa Ulongwe ndi pamene mungabwezeretse pa "Automatic".

Chachiwiri choti muchiyese ndi foni yeniyeniyo. Foni ya munthu wa geni imaona zambiri: imagwa pa simenti, imanyowa m'thumba la chitenje mvula ikagwa, imakhala m'fumbi la kachewere. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala kamene kamalumikiza mlongoti wa foni ndi bolodi, ndipo kakangosuntha foni imagwira pokhapokha nsanja ili pafupi. Pamsika imaoneka yabwinobwino, kunyumba imafa. SIM khadi ya zaka khumi nayo imatha. Mukaitulutsa mudzaona golide wake atakalika, mwina atada m'mbali, makamaka ngati inadulidwa ndi lumo kuti ilowe m'foni yatsopano. Madzulo ena tulutsani SIM yanu muiike m'foni ya mnansi wanu, ndipo SIM ya mnansi wa kampani yomweyo muiike m'foni yanu, muli m'nyumba momwemo. Yanu ikagwira bwino m'foni ya mnzanu, wodwala ndi foni. Ikakana konsekonse pomwe ya mnzanu ikugwira, pitani ku ofesi ya kampani ndi chitupa chanu cha unzika akakupatseni SIM yatsopano ya nambala yomweyo.

Palinso mavuto amene amabwera ndi nthawi. Pa tsiku la msika anthu mazanamazana amapanikizana pa nsanja imodzi, timizere timakhala todzaza koma ndalama sizikutumizika, chifukwa timizere timangoonetsa mphamvu ya mafunde, sitionetsa kuchuluka kwa anthu amene mukulimbirana nawo. Magetsi akazima nthawi yaitali nsanja imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo zimenezi zikatha netiweki imazima dera lonse. Mavuto awa amagwera kampani iliyonse, kungoti sagwa nthawi imodzi, ndipo ichi ndi chifukwa china chokhalira ndi malayini awiri.

Tibwere ku mayunitsi. Anthu ambiri amene amati kampani ikuwabera amakhala kuti ndalama zikutuluka pa zibowo zimene sakuziona. Chachikulu ndi intaneti. Bandulo ikatha foni siima, imapitiriza kudya mayunitsi enieniwo pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo foni yamakono imadya ngakhale ili m'thumba, ikukonzanso mapulogalamu ake kapena kutsitsa mavidiyo amene anthu aponya m'magulu a WhatsApp. Pa WhatsApp pomwepo pali malo oletsera kuti zithunzi ndi mavidiyo zisamatsike zokha. Ameneyo mwana wanu awatseke lero. Chibowo china ndi timautumiki tolipira tsiku ndi tsiku, monga nyimbo imene woimba amamva podikira, mauthenga a mpira kapena a mwayi, timene munthu amalowamo podina batani mosazindikira, kapena mdzukulu akamaseweretsa foni. Imbani ku nambala ya makasitomala ya kampani yanu muwauze akuwerengereni zonse zimene layini yanu inalembetsa, n'kuchotsa zimene simukuzifuna. Chachitatu ndi ngongole ya mayunitsi, Kutapa ku Airtel kapena Pasavute ku TNM. Imathandiza pa ngozi, koma imabwezedwa ndi kachiwongoladzanja, ndipo amene waizolowera amangoona kuti akaika mayunitsi atha nthawi yomweyo.

Chibowo chachinayi ndicho chokhudza funso lanu mwachindunji, ndipo ndikufuna muchiwerengere ndi pensulo. Kuimbira munthu wa kampani yanu yomweyo nthawi zambiri kumatchipa kuposa kuimbira wa kampani ina, chifukwa makampani amalipirana foni ikadutsa kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake, ndipo mabandulo ambiri a mphindi amapereka zochuluka pa kuimbirana kwa m'nyumba imodzi. Tsegulani mndandanda wa mafoni amene mwaimba masabata awiri apitawa. Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Nambala iliyonse yoyamba ndi 088 ndi ya TNM, iikeni mbali imodzi. Yoyamba ndi 099 kapena 098 ndi ya Airtel, iikeni mbali inayo. Musawerenge onse amene ali m'foni, werengani amene mumawaimbiradi: woyendetsa lole, alimi amene mumawaoda, makasitomala akuluakulu, ana, a mpingo. Pepala limenelo lidzakuuzani kumene ndalama zanu zimapita. Ngati anthu anu ambiri ali ku kampani imene muli kale, kusamuka kudzakukwezerani mtengo wa kuimba ngakhale netiweki itakhala yabwino. Ngati ambiri ali kwinako, ndiye kuti mwakhala mukulipira mopitirira kwa nthawi yaitali, ndipo layini yachiwiri idzadzilipira yokha.

Za mitengo ya mabandulo sindingakulangizeni kusamuka chifukwa cha iyo yokha. Makampani awiriwa amayang'anana. Wina akatsitsa kapena kubweretsa bandulo yatsopano, mnzake sachedwa kuyankha. Poyerekeza, musayang'ane kukula kwa bandulo kokha, yang'ananinso masiku ake. Bandulo yaikulu yotha ndi tsiku limodzi, kapena yogwira usiku okha, ilibe phindu kwa munthu amene amagona msanga kuti alawirire kumsika.

Tsopano chifukwa chimene ndakanira kuti mutaye nambala. Kuno kwathu ukasintha kampani umasinthanso nambala. Sungachoke ndi 099 yako kupita nayo ku TNM, kapena 088 kupita nayo ku Airtel. Ndipo anthu amagwira nambala kuposa dzina la kampani. Kampani imene inayamba ngati Celtel mu 1999 inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, koma makasitomala anangopitiriza ndi malayini awo. TNM nayo ilipo kuyambira 1995, ndipo alipo anthu amene akudziwika ndi layini imodzi kuyambira kalekale. Kwa inu nambala ili ngati malo anu pamsika: munthu amene anagula kwa inu chaka chatha akabwera n'kupeza palibe, safunsa kawiri, amagula kwa woyandikana naye. Alipo makasitomala amene amaimba kamodzi pa chaka, nyengo ya ukwati kapena pamene kachewere wasowa m'tauni. Inu nambala zawo mwina mulibe, iwo ndi amene ali ndi yanu. Amenewo simungawadziwitse kuti mwasintha.

Ndipo ngakhale amene mungawadziwitse, pali vuto limene akuba anatibweretsera. Aliyense m'dziko muno analandirapo uthenga wonena kuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto." Anthu anaphunzira, ndipo anachita bwino, kuti uthenga wotere ndi wa mbava. Tsono taganizani kasitomala wanu wa ku Blantyre amene ali ndi ngongole yanu ya matumba asanu, walandira uthenga kuchokera ku nambala yachilendo woti mwasintha layini. Wanzeru sadzatumiza. Wachinyengo adzapezerapo chifukwa chochedwetsera. Choopsa kwambiri n'chakuti mukawazoloweza makasitomala anu kuti nambala yanu imasinthasintha, tsiku lina wakuba adzalemba m'dzina lanu ndipo adzamukhulupirira. Choncho ngati mudzafike posuntha malipiro, aimbireni ndi mawu anu pogwiritsa ntchito nambala yakale imene akuidziwa, kapena auzeni pamaso akabwera kudzatenga katundu, ndipo muwauze dzina limene lidzatuluke akamatumiza ndalama.

Nkhani ya ndalama payokha ndi yolemera kuposa ya kuimba. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo lero geni yambiri ya pa M1 imayenda pa ziwirizi. Akaunti iliyonse inamangiriridwa ku nambala yake, siisamuka nanu. N'zotheka kutumiza ndalama kuchoka ku Mpamba kupita ku Airtel Money kapena kubwerera, koma fufuzani mtengo wake, ndipo muyerekeze ndi kutumizirana kwa m'kampani imodzi, chifukwa kasitomala amene amalipira sabata iliyonse kakusiyana kakang'ono amakamva. Chofunika china ndi ma ejenti. Yendani pa Lizulu ndi pa kamsika ka kufupi ndi kwanu, muone kuti ndi a kampani iti amene amakhala ndi ndalama zokwanira madzulo a tsiku la msika, pamene aliyense akufuna kutapa. Netiweki ikhoza kukhala yabwino, koma ngati ejenti akungoti "float yatha" inu alimi akukudikirani kuti muwalipire, simunapindule kanthu.

Kuyesa kwa mwezi kuja kuchitike motere. Gulani SIM kwa ejenti wovomerezeka kapena ku ofesi, ndipo ilembetsedwe m'dzina lanu ndi chitupa chanu cha unzika. Kuyambira 2018 kulembetsa SIM ndi lamulo, komabe mudzapeza anyamata ogulitsa malayini olembetsedwa kale m'maina a anthu ena. Amenewo akaneni. Tsiku limene foni idzabedwe muli ndi ndalama za maoda m'katimo, ku ofesi adzafuna mwini dzina, ndipo inu mudzakhala mlendo pa ndalama zanu zomwe. Pomwepo ndikufunseni: layini yakaleyo ili m'dzina la ndani? Amayi ambiri malayini awo analembetsedwa ndi amuna awo kapena ana awo. Ngati zili choncho, pitani nawo limodzi ku ofesi mukakonze adakali pafupi, kaya musintha kampani kaya ayi.

Ngati foni yanu ndi ya malo awiri a SIM, monga zilili itel ndi Tecno zambiri, ikani zonse momwemo. Kungoti dziwani khalidwe la mafoni amenewa kuti musaweruze molakwa. Mukamalankhula pa layini imodzi, inayo imakhala ngati yazima, ndipo wokuimbirani amauzidwa kuti simukupezeka. Komanso intaneti imayenda pa SIM imodzi pa nthawi, ndipo m'mafoni ena SIM inayo imatsitsidwa pa netiweki yakale yochedwa. Choncho poyesa intaneti muzisinthanitsa, sabata ino iyi, sabata yamawa inayo, n'kumayang'ana chilembo chimene chikutuluka pamwamba. E ndi yochedwa, yongokwanira mauthenga olemba. H kapena 3G ndi yapakati. 4G ndiyo imatumiza chithunzi cha katundu kasitomala asanatope kudikira.

Pa kuimba, yesani kulandira kuposa kuimba, chifukwa m'pamene geni yanu ikutayikira. Mukafuna kuimba inuyo mumatha kupita pa chulu paja, koma kasitomala amaimba nthawi imene wafuna, inu muli m'khitchini mukupakula nsima. Pemphani m'bale wanu wa ku Lilongwe kuti pa nthawi zimene mwapangana aziimba nambala zonse ziwiri motsatizana, m'mamawa, masana ndi usiku, foni ili pamene imakhala masiku onse, osati pawindo. Inu muzilemba m'kope la ngongole lija, kumapeto kwake: tsiku, malo, iti yalira, iti sinalire, mawu amamveka kapena amadukaduka. Yesaninso kutsegula *211# pa Airtel ndi *444# pa TNM muli pa benchi yanu msika utadzaza, muone imene ikuyankha msanga. Mwezi ndaunena dala, kuti mudutsemo masiku angapo a msika, tsiku la mvula kapena chifunga, ndi tsiku limene magetsi azima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akagula layini yatsopano masiku oyamba amangoona zabwino zake, kope ndi limene silikondera.

Kopelo likadzaonetsa kuti yatsopano ikupambana pakhomo ndi pamsika, samukani pang'onopang'ono. Yambani ndi intaneti ndi mafoni amene mumaimba inuyo, chifukwa zimenezo sizisokoneza aliyense. WhatsApp ikhoza kupitiriza ndi nambala yakale ngakhale intaneti ikuchokera ku SIM yatsopano, ambiri sadziwa zimenezi. Mukadzafuna kuisuntha, musaifufute n'kuyamba ina. Muli malo olembedwa "Change number" pansi pa "Account", amene amasamutsa magulu anu ndi kudziwitsa anthu anu. Maina amene anasungidwa pa SIM yakale akoperedwe m'foni, ndipo a makasitomala akuluakulu alembedwenso m'kope, chifukwa foni imabedwa.

Kenako kumbukirani zonse zimene zinamangiriridwa ku nambala yakale. Ngati muli ndi akaunti ku banki ndipo mumagwiritsa ntchito *626# ya National Bank, *247# ya Standard Bank kapena ina yotere, imagwira pa nambala imene munalembetsa, ndipo kusintha kumafuna kuti mupite nokha ku nthambi. Ngati muli ndi mwana kapena mlongo ku Joni amene amatumiza kudzera ku Mukuru kapena njira ina, auzidwe ndi mawu anu. A banki m'khonde, a kusukulu kwa ana, a kuchipatala ngati mumalandira mauthenga okukumbutsani, onsewa ali ndi nambala yakale. Ngongole iliyonse ya pa layiniyo ibwezedwe.

Ngakhale zonsezi zitatha, SIM yakale isagone m'kabati. Layini ikakhala miyezi ingapo osagwira ntchito kampani imaitseka, ndipo pakapita nthawi nambalayo imagulitsidwa kwa munthu wina. Kuyambira pamenepo kasitomala wanu wakale akatumiza ndalama zimapita kwa mlendo, ndipo mauthenga achinsinsi otsegulira WhatsApp kapena Facebook yanu amafikira kwa iyeyo. Kuisunga yamoyo sikudula: muziikamo mayunitsi ochepa ndi kuimbirapo kamodzikamodzi mwezi uliwonse. Ndimaumirira pamenepa chifukwa ndalama zikapita kwa munthu wosamudziwa, kuzibweza ndi ulendo wautali, ndipo nthawi zina sizibwera.

Mwina anzanu pamsika akuuzaninso za SIM ya kutsidya, makamaka ya Movitel, imene anthu ambiri a m'malire ali nayo. Ngati mumaoda kwa alimi a ku Angonia ndipo mumalankhula nawo pafupipafupi, ili ndi ntchito yake. Koma isakhale nambala yanu ya geni. Imayamba ndi +258, kutanthauza kuti kasitomala wa ku Lilongwe akaimba akuimba kunja kwa dziko, ndipo Mpamba kapena Airtel Money sizikhalapo.

Ndisaiwale za kudandaula, chifukwa ife a kumudzi timafulumira kupirira. Ngati netiweki inali bwino kale ndipo yayamba kuvuta posachedwapa, mwina pa nsanja pawonongeka chinthu chimene kampani sikuchidziwa. Imbani ku nambala ya makasitomala, tchulani mudzi, mfumu ndi sukulu yoyandikana nayo, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu muilembe. Anansi anu achitenso chimodzimodzi, chifukwa madandaulo ambiri ochokera malo amodzi ndi amene amatumitsa amisiri. Zikakanika, bungwe la MACRA ndilo limayang'anira makampaniwa ndipo limalandira madandaulo a anthu. Pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linapatsidwanso udindo woyendetsa thumba lothandizira kufikitsa netiweki kumadera kumene makampani saona phindu. Mudzi wonse ukalemba kalata kudzera kwa amfumu ndi khansala, imalemera kuposa foni ya munthu mmodzi.

Maganizo anga ndi akuti munthu wa geni ngati yanu, m'dera la mapiri ndi malire ngati lathu, akhale ndi malayini awiri mpaka kalekale, ndipo funso likhale loti iti ikhale yaikulu. Imene imalira m'nyumba usiku ndiyo ipatsidwe kwa abale, chifukwa uthenga wa matenda kapena kuitana galimoto yopita kuchipatala sizidikira kuti kuche. Imene makasitomala ambiri ali nayo ndiyo ikhale ya malipiro. Zikapezeka kuti ndi layini imodzi yomweyo, mwapeza yankho, inayo ingokhala yodikirira tsiku la mavuto. Mwana wanu musamutsutse. Mupatseni ntchito yokonza za roaming ndi za WhatsApp zija, ndiponso yosunga kope.

Zikadzapezeka kuti zonse ziwiri sizigwira m'nyumba, fufuzani malo amodzi pakhomopo pamene timizere timabwera, kaya ndi pawindo loyang'ana kumtunda kaya pa msanamira ya khonde. Gulani kafoni ka mabatani, kamene batire lake limakhala masiku angapo, muikemo layini ya makasitomala, muzikasiya pamalo pomwepo mutakweza kulira kwake mpaka kumapeto. Makasitomala auzeni kuti foni ikapanda kulowa azisiya uthenga wolemba kapena wa mawu pa WhatsApp, chifukwa uthenga umadikira mpaka netiweki itabwera, ndipo muwapatse ola limene mumakhala muli pamsika kuti oda yofulumira aziimba nthawi imeneyo.